Za Nyengo Zowawa, ndi Momwe Mkhristu Akulira M'menemo

Phunziro la mwezi wa July. Werengani Machitidwe a Atumwi 11:19-30.

Mwezi uno ndiwo wa chisanu kuno kumapiri. M'mawa nkhungu ikuta phiri la Dedza kufikira patsinde pake, madzi a mumtsuko aluma mano, ndipo ana apita kusukulu manja ali m'khwapa. Amene ali ndi dimba kudambo agona ndi nkhawa, pakuti usiku umodzi wa chisanu chachikulu ukhoza kuwaula kachewere ndi nyemba, masamba nada bii monga papita moto. Koma kuseli kwa nyumba kuli mtengo wa mapichesi. Masamba ake onse ayoyoka, ndipo mlendo wochokera ku Mtakataka akauona angati wauma, tiuteme nkhuni. Ife eni kuno tidziwa kuti suli wakufa. Alangizi a zaulimi atiuza kuti mtengo umenewu ufuna masiku ambiri ozizira kuti uchite maluwa bwino. Chifukwa chake ubala ku Bembeke, ku Lizulu ndi ku Tsangano, koma kuchigwa kotentha ungokhala ndi masamba, osapatsa mwini wake kanthu. Chisanu nchimodzi, koma mbewu ina ifa nacho, ina ikonzeka nacho kubala.

Tayamba ndi fanizo ili chifukwa alipo mau amene tiwamva kawirikawiri pamaliro ndi m'maulaliki, akuti mavuto akulitsa Mkhristu. Mauwa ali ndi choona m'kati mwake, koma tiwanena mopepuka kwambiri, makamaka ife amene nkhokwe zathu zili zodzaza. Ife aphunzitsi a kalasi taona anthu amene masautso anawasandutsa ofatsa ndi achifundo. Taonanso ena amene anatuluka m'masautso omwewo ali ouma mtima, okayikira munthu aliyense, osapondanso pakhomo pa tchalitchi. Tsono funso la phunziro lathu ndi ili: kodi nchiyani chichitika mwa munthu, kapena mumpingo, kuti nyengo yowawa imkulitse m'malo mwa kumuwaula? Tifunefune yankho m'chaputala chathu, ndiponso m'mbiri ya dziko lathu lino la m'malire.

Mpingo wa othawa

Mzinda wa Antiokeya unali waukulu ndithu, wachitatu m'ufumu wonse wa Aroma. Roma ndi Aleksandriya yokha ndiyo inauposa. Unali kumpoto kwa Yerusalemu, ulendo wa makilomita ngati 500, woposa wochokera ku Dedza kukafika ku Mzuzu. Lero mzindawo utchedwa Antakya, m'dziko la Turkey, ndipo ena a inu munamva pawailesi kuti chivomezi cha pa 6 February 2023 chinaugwetsa koopsa.

Nanga Uthenga Wabwino unafikako bwanji? Sunapite ndi atumwi, ndipo panalibe msonkhano wa akulu umene unakhala pansi ndi kupangana kuti, tiyeni tikatsegule mpingo ku Antiokeya. Unapita ndi anthu othawa. Stefano ataponyedwa miyala, kunabuka chizunzo ku Yerusalemu, ndipo Saulo wa ku Tariso ndiye anali patsogolo pa osaka okhulupirira, osasiyako ndi akazi omwe. Okhulupirirawo anasiya nyumba zawo ndi ntchito zawo, namwazika, ena ku Foinike, ena pachisumbu cha Kupro, ena ku Antiokeya. Mlembi satiuza maina awo. Munthu wothawa sanyamula zambiri. Anyamula mwana, mphika, chofunda, ndi chimene chili mumtima mwake. Awa chimene chinali mumtima mwawo ndicho dzina la Yesu, ndipo pamene eni mzinda anawafunsa kuti, mwathawa chiyani kwanu, kuyankha funso limenelo kunali kulalikira komwe.

Poyamba analankhula ndi Ayuda anzawo okha, monga achita mlendo aliyense, kufunafuna a chinenero chake ndi a mtundu wake. Koma ena mwa iwo, obadwira ku Kupro ndi ku Kurene, anayamba kuuzako Ahelene, anthu a mitundu ina, ndipo ambiri anakhulupirira. Pano pali kukula koyamba. Akadakhala pamtendere ku Yerusalemu, pakati pa abale awo ndi miyambo ya makolo awo, tikayika ngati akadatsegula pakamwa pamaso pa munthu wosadulidwa. Koma amene wapemphapo madzi akumwa pakhomo la munthu wa mtundu wina sathanso kumuyesa wonyansa.

Akulu a ku Yerusalemu atamva mbiriyi anatuma Barnaba, amenenso kwawo kunali ku Kupro. Iye anafika, naona, nakondwa, napita ku Tariso kukatenga Saulo, yemwe uja anawathamangitsa, amene tsopano anali atatembenuka mtima. Taganizani, owerenga athu, mayi amene anathawa usiku chifukwa cha munthu ameneyu, lero akhala pamphasa ndi kumva iye alikuphunzitsa, chaka chathunthu! Mlembi sanena kanthu za kuwawa kwa chinthu chotere. Koma ife, amene kukhululukira wakuba nkhuku imodzi kutitengera miyezi, tiyenera kuzizwa. Ndipo kumeneko, pakati pa othawa ndi amitundu ndi wozunza wolapa, ndiko kunayambira dzina limene titchedwa nalo lero, la Akhristu.

Pambuyo pake kunadza mneneri Agabo, naneneratu za njala yaikulu. Ndipo inadzadi m'masiku a Klaudiyo, amene analamulira Roma kuyambira chaka cha 41 kufikira 54. Josephus, Myuda wolemba mbiri, anenanso za njala ya ku Yudeya m'zaka zimenezo, kuti mfumukazi Helena ya ku Adiabene inatuma anthu kukagula tirigu ku Aleksandriya ndi nkhuyu zouma ku Kupro, nigawira osauka a mu Yerusalemu. A ku Antiokeya sanali mafumu; koma anasonkha aliyense kangachepe kake, natumiza ndi Barnaba ndi Saulo. Mpingo wa ku Yerusalemu, umene unali mayi, unatambasula manja kulandira kwa mwana wake. Ndipo wonyamula thumbalo anali munthu amene zaka zapitazo anadzaza ndende ndi abale awo.

Zaka 50 zopanda mbusa

Tisayese kuti izi nza kale ndi za kutali kokha. Mseu waukulu wochokera ku Dedza kunka ku Ntcheu, m'malo ambiri ndiwo malire a dziko: mbali iyi Malawi, mbali iyo Mozambique, pa Lizulu munthu agula kabichi m'dziko lina, nadumpha mseu, nagula mchere m'dziko lina. Malirewa anawalemba Angerezi ndi Apwitikizi m'pangano lawo la 1891, osafunsa Achewa ndi Angoni amene anali kukwatirana ndi kulirana maliro uku ndi uku. Amishoni a Dutch Reformed Church, atakhazikika ku Mlanda mu 1902 ndi ku Mphunzi mu 1903, anadutsa malirewo, natsegula mishoni ya Mphatso m'dziko la Angonia, nkhondo ya 1914 isanayambe. Masukulu anafalikira m'midzi, anthu nabatizidwa. Koma mu 1922 boma la Apwitikizi linatseka ntchito yonseyo, amishoni natuluka.

Mwa kuganiza kwa anthu mpingo umenewo unayenera kuzima monga moto wa mapesi, pakuti unakhala zaka ngati 50 wopanda mbusa wokhala pakati pake. Koma chaka chomwecho cha 1922 ndicho chimene Buku Lopatulika lathunthu linasindikizidwa m'chinenero chathu, ndipo amene anaphunzira kuwerenga m'masukulu aja anali nako kothawira. Akulu a m'midzi anasonkhanitsa anthu, nawerenga, naphunzitsa ana. Ndipo pofuna ubatizo ndi Mgonero anayenda pansi kudza ku mipingo ya kuno kumalire. Pamene khomo linatsegukanso, m'zaka za m'ma 1970, Akhristu anapezeka ali chilili. Ndipo lero mpingo wa Igreja Reformada em Moçambique uli ndi sinodi yotchedwa ndi dzina lomwe lija la Mphatso.

Sitinena kuti kutseka kuja kunali kwabwino, iyayi. Kunali kosalungama, ndipo ambiri anabwerera m'mbuyo amene akadalimba pakadakhala wowaweta. Koma otsalawo anaphunzira chimene ife, amene belu litilirira pakhomo Sabata lililonse, tichedwa kuchiphunzira: kuti chikhulupiriro sichili katundu wa mbusa kapena wa mzungu, choti akachoka achoka nacho. Munthu amene wayenda tsiku lathunthu kudzadya Mgonero saodzera pa ulaliki.

Pamene a ku Angonia anadza kwa ife

Tsono tifike pa zimene ambiri a ife tinaziona ndi maso. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi ankhondo a Renamo inakula m'dziko la Angonia m'zaka za m'ma 1980. Pa 30 October 1985 ansembe awiri a Katolika, Bambo João de Deus Kamtedza, mbadwa ya Angonia yomweyo, ndi Bambo Sílvio Moreira wa ku Portugal, anatengedwa kunyumba kwawo ku Chapotera, kufupi ndi mishoni ya Lifidzi, naphedwa. Ngati atumiki a Mulungu anachitidwa chotero, munthu wamba akadadalira chiyani? Kuyambira 1986 anthu anayamba kukhamukira kuno monga madzi osefukira. Pofika 1992 m'Malawi munali othawa nkhondo oposa 1,000,000, pamene eni dziko pa kalembera wa 1987 tinali ngati 8,000,000. Kumwera, monga ku Nsanje, ambiri anakhala m'misasa ikuluikulu. Koma kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu ochuluka anangolowa m'midzi mwathu ndi m'mphepete mwake, pakuti chinenero nchimodzi, ndipo ambiri anali ndi malume kapena msuweni mbali ino.

Ife amene tilemba izi tinali anyamata a sukulu masiku amenewo. Tikumbuka mizere ya anthu ilikutsika m'njira za m'mapiri m'mawa wozizira ngati wa lero, amayi mitolo pamutu, nkhalamba zitakwezedwa panjinga, ena alikukusa ng'ombe zimene anapulumuka nazo. Tikumbuka tchalitchi chathu cha m'mudzi chitadzaza, anthu nakhala m'mazenera ndi pabwalo. Nyimbo zomwe tinali kuimba ife anaziimba iwonso, osayang'ana m'buku, pakuti mabuku awo anatsala m'nyumba zimene zinatenthedwa. Pamenepo ndipo tinayamba kumva kwa akulu nkhani ya Mphatso, kuti agogo a ena mwa anthu amenewa ndiwo aja anali kudza pansi kudzadya Mgonero.

Akale anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma alendo awa anakhala zaka 6, ena 8. Kulandira mlendo wa usiku umodzi nkosavuta: upha nkhuku, nutamandidwa. Kukhala ndi mlendo zaka zonsezo ndi sukulu ina. Chitsime chimene chinali kukwanira mudzi umodzi chinayenera kumwetsa midzi ingapo, amayi nayambana pamzere. Mitengo inatha ndi nkhuni ndi nsichi, ndipo mapiri ena amene muwaona ali pululu lero anavulidwa masiku amenewo. Kuchipatala mizere inatalika. Kusukulu ana anathinana, ena naphunzirira pansi pa mtengo.

Ndipo panali nkhani ya manda. Mlendo akamwalira aikidwe kuti, ndipo akumbe ndani? M'mudzi mwathu nkhaniyi inafika kwa akulu a mpingo pamene mwana wa mayi wina wothawa, wopanda mbale aliyense mbali ino, anamwalira ndi chikuku. Ena anati, aikidwe pambali, kuthengo, pakuti manda ali ndi eni ake. Tikalola mmodzi, mawa adzatidzadzira malo. Mauwa sanali a anthu oipa. Anali a anthu otopa. Panali mkulu wina wokalamba, wosadziwa kulankhula pagulu, amene pamisonkhano sitinali kumva mau ake. Iye sanatsutsane ndi munthu. Anangonyamuka, napita kwa a mfumu, nati, “Mfumu, mwanayu agone pamzere wa kwathu, pamene ndikadagona ine, ine mudzandionera pena.” Atatero anatenga khasu lake, natsogola, adzukulu namtsata ndi manyazi. Amayi a Chigwirizano anasonkha ufa ndi nkhuni, nagona pasiwa usiku wonse pamodzi ndi mayi amene sabata lapitalo sanali kumdziwa ndi dzina lomwe. Kuyambira tsiku limenelo nkhani ya manda sinabukenso m'mudzi mwathu. Ndipo ife tiyesa kuti mpingo wathu unakula tsiku lija koposa m'misonkhano yonse ya chitsitsimutso imene tinaiona pambuyo pake.

Koma tinene zonse, tisabise. Alipo Akhristu amene analemera pa misozi ya anzawo. Analimitsa othawa ganyu wa tsiku lonse, nawalipira kambale ka ufa. Anagula ng'ombe zawo pamtengo wa mbuzi. Ena anatenga ana aakazi a othawa pamitala, podziwa kuti palibe nkhoswe yodzawafunsa. Dzina loti wothawa linasanduka chitonzo pakamwa pa ana, ndipo ife tomwe tinali m'gulu la ana amenewo. Masautso anali amodzi, mpingo umodzi, ulaliki umodzi. Koma wina anakula, wina anawauka.

Wopatsa asanduka wolandira

Mvula ya 1991 kulowa 1992 inakana, ndipo zokolola za chimanga m'dziko lonse zinatsika koposa theka. Othawa anali ndi makadi awo olandirira ufa, nyemba, mafuta ndi mchere kuchokera ku mabungwe a United Nations. Eni mudzi ambiri analibe kanthu. Tsono zinthu zinatembenuka. Mayi amene zaka zapitazo anapatsa mlendo lichero la chimanga anapezeka ali pakhomo la mlendo yemweyo ndi kambale m'manja. Ena anachita nsanje, nang'ung'udza kuti alendo akondedwa koposa eni dziko. Ena ananama, nalembetsa maina awo monga othawa. Koma ambiri anagawiridwa, ndipo ogawawo sanawerenge zakale.

Apa tiimepo pang'ono, pakuti ndipo pagona phunziro lathu. Tiphunzitsa kwambiri za kupatsa, ndipo nkoyenera kutero. Koma kulandira kuli ndi ntchito yake imene kupatsa sikutha kuichita. Munthu akhoza kupatsa zaka zambiri kunyada kwake kuli chikhalire, inde kulikukulirakulira, pakuti wopatsa ndiye athokozedwa. Koma amene waima pakhomo la munthu amene anali kumpeputsa, nanena kuti, ana anga agona ndi njala, ameneyo kanthu kena kathyoka m'kati mwake. Kakathyoka, pali njira ziwiri. Akhoza kusunga chakukhosi chifukwa cha manyazi, nada munthu amene anamuona ali wosowa. Kapena akhoza kuzindikira kuti chiyambire iye ali wolandira. Kuti mvula, mpweya, ana, ndi chikhululukiro cha machimo ake, palibe chimodzi chimene anachigula. Wachiwiriyu ayamba kupempha chakudya cha tsiku m'Pemphero la Ambuye monga munthu wofunadi chakudya, osati monga mwana wa sukulu wonena zoloweza. Ayamba kumva chimene tinena tikati chisomo, mau amene a kalasi awayankha bwino pamayeso koma osawalawa. Ndipo akadzapatsanso, apatsa mwa njira ina: mwakachetechete, madzulo, osaitana mboni, pakuti adziwa kulemera kwa kambale kopanda kanthu.

A ku Yerusalemu ena anali kukayika ngati amitundu ayenera kulowa mumpingo osadulidwa. Koma m'njala ija anadya chakudya chogulidwa ndi ndalama za amitunduwo. Pamene nkhani ya amitundu inadzakambidwa pamsonkhano wa pa chaputala 15, tiyesa kuti ena mwa okhala pamenepo anali asanaiwale amene anawadyetsa.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, ndipo mwa oyanjanitsa munali gulu la Akhristu la Sant'Egidio ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira. Mu 1993 ndi 1994 alendo athu anabwerera kwawo, nasiya mbali ino manda, maukwati ndi maubwenzi. Minda yawo, imene inagonera zaka zonsezo, inabala bwino.

Zisanathe zaka 10 njala inatipezanso. Zokolola za 2001 zinachepa chifukwa cha mvula yoononga. Chimanga cha m'nkhokwe za boma chinapezeka kuti chinagulitsidwa. Mtengo pamsika unakwera kangapo. Ndipo mu February 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pangozi ya njala. Anthu anadya madeya, zitsa za nthochi ndi zikhawo za kuthengo, ena nafa nazo. Sitichulukitsa mau, pakuti ambiri a inu munalipo. Pamenepo a ku Dedza ndi a ku Ntcheu ambiri anakwera njira zomwe zija chobwerera, kunka ku Angonia kukagwira ganyu ndi kusuma chimanga. Ena anafika pakhomo la munthu amene anamsunga kale, nalandiridwa monga abale. Ena anafika pakhomo la munthu amene anamlipira kambale ka ufa pa ganyu wa tsiku lonse, ndipo kuodira pakhomo limenelo kunali kolemera koposa thumba limene anabwera nalo.

Njala imeneyo inaonetsanso mbali yathu yoipa. Ogwidwa alikuba chimanga chachiwisi anamenyedwa koopsa, ena anadulidwa ziwalo, ena anaphedwa. Ndipo m'magulu a omenyawo munali obatizidwa. Amuna ena anachoka ati kukasuma, osabwereranso, monga akambira agogo athu za njala ya 1949. Pamaliro anthu anachepa, pakuti panalibe nsima. Amene anena mopepuka kuti mavuto akulitsa Mkhristu akumbuke zimenezi.

Akale anati kupatsa nkuika, ndipo chaka cha 2002 chinawavomereza. Koma Mkhristu asaime pamenepo monga wokongoza wodikira chiongoladzanja. Mkulu uja wa khasu sanabwezeredwe kanthu. Anamwalira mtendere usanadze, ndipo mayi uja anabwerera kwawo osamvekanso.

Nanga kusiyana kuli pati?

Poyang'ana Antiokeya, Mphatso ndi midzi yathu, tiona kuti nyengo yowawa kawirikawiri siika mwa munthu chimene munalibe. Ifukula chimene chinakwiriridwa kale, nichipatsa ntchito. Othawa a ku Yerusalemu anali ataphunzira kale kwa atumwi, atazoloweranso kudyera pamodzi ndi kugawana chuma. A ku Mphatso anali ataphunzira kuwerenga. Mkulu uja anali atakhala woyamba kufika pamaliro a wina aliyense zaka zambiri nkhondo isanadze, wopanda womuyamika. Chifukwa chake, inu a kalasi, musanyoze masiku wamba ano, pamene phunziro lioneka lotopetsa, ndi pemphero la m'mawa lioneka ngati mwambo chabe. Nkhokwe siimangidwa mu February.

Tionanso kuti panalibe mmodzi wa iwo amene anakula ali yekha. Chisoni chiuza munthu kuti, tseka chitseko, usaonetse umphawi wako, adzakuseka. Ambiri amene anawauka mu 2002 anayamba ndi kuleka kusonkhana, chifukwa cha manyazi a kuonda ndi a nsanza, ndiponso chifukwa analibe choponya m'mbale ya chopereka. Ndipo ife otsala sitinawatsate. Tinawalemba m'buku kuti aulesi, ena tinawaika pa chilango. Mlandu umenewo uli pa ife aphunzitsi ndi akulu, ndipo tiyenera kuuvomera. Khuni limodzi likachotsedwa pamoto lizima, ngakhale likhale la mtengo wabwino.

Tichenjezane chinthu chimodzi, pakuti phunziro ili likhoza kusanduka ndodo m'manja mwa wosasamala. Musapite kwa wamasiye wa dzulo, kapena kwa mbale amene chisanu chamuwaulira dimba lonse ali ndi ngongole ya feteleza, ndi kumuuza kuti, kondwerani, Mulungu alikukukulitsani; kapenanso kuti, fufuzani tchimo lanu. Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye chete, nayamba kulakwa atatsegula pakamwa. Kukula kumene tinenaku kuoneka pambuyo, nthawi zina patapita zaka, ndipo woyenera kukutchula ndi mwini wake wovutikayo, osati woonerera. Mulungu sakondwera ndi nkhondo, kapena ndi njala yodza chifukwa cha umbombo wa anthu. Ochititsa zimenezo adzayankha pamaso pake. Kuti Iye atulutsa chabwino m'choipa sikusandutsa choipacho kukhala chabwino. Yosefe anapulumutsa abale ake ku njala, koma kumgulitsa kuja kunakhalabe tchimo. Chimene tikhoza kunena kwa wovutika mosakayika nchakuti Ambuye wathu sanaonerere patali. Ali khanda anathawitsidwa kunka ku Aigupto. Ali wamkulu anamva njala m'chipululu, napempha madzi akumwa kwa mkazi wa mtundu wina pachitsime. Ndipo atafa anagona m'manda a munthu wina, amene anakampemphera mtembo kwa olamulira, nampatsa malo ake.

Tsono mwezi uno, chisanu chisanathe, kalasi lililonse likhale pansi ndi akulu a dera lake, liwerengane. Ndani sanaoneke kutchalitchi chikolorere? Ndi nkhalamba ziti zigona zopanda bulangete? Ndani dimba lake lawauka? Pitani awiriawiri, munyamule mtolo wa nkhuni, mukhale pansi, mumve. Ulaliki muusiye kunyumba. Akakupatsani kanthu, chikho cha thobwa kapena mbatata yootcha, musakane ndi kuti, sungirani ana. Landirani ndi manja awiri, mudye pomwepo. M'mipingo yathu yambiri alimo amayi ndi abambo amene anadza ndi nkhondo ija, natsala kuno chifukwa cha ukwati. Ngati alola, osawakakamiza, apempheni adzafotokozere kalasi za ulendo wawo ndi za amene anawalandira, pakuti ana obadwa pambuyo pa 1994 sadziwa kanthu za izi. Mwezi wamawa tidzawerenga 2 Akorinto chaputala 8, za chopereka cha mipingo yosauka ya ku Makedoniya. Mubwere mutawerenga kale, ndipo amene alibe Buku abwereke kwa mphunzitsi wake Lachitatu.